Mapiritsi a khunyu ndi zimene amachita m'thupi

Mng'ono wanga anasiya mankhwala a khunyu kwa masabata atatu ife osadziwa. Madzulo aliwonse amayi ankamupatsira piritsi m'manja, iye n'kuliika kunsi kwa lilime, kumwera madzi, kenako kukalavula kuseri kwa bafa. Tinadziwira tsiku limene anagwa kugombe akuthandiza kuyanika usipa pathandala. Anagwa kawiri motsatizana osatsirimuka pakati, mpaka tinachita kufunafuna galimoto. Atapeza bwino ndinamufunsa, ndipo anati: "Achimwene, mukanamwako inu tsiku limodzi lokha mukanandimvetsa. Dzuwa limafika pamutu ine m'maso musanayere. Anzanga akanena nthabwala ndimaseka iwo atayamba kale nkhani ina."

Ankamwa phenobarbitone, ndipo sankanama. Mankhwalawa amagonetsa, amalemetsa mutu. Chimene pakhomo pathu sitinkadziwa n'chakuti kulemera mutu kumeneko ndi nkhani yokakambirana ndi adokotala, mlingo n'kuusintha, kapenanso kusintha mankhwalawo ndithu. Ife tinkadziwa ziwiri basi, kumwa kapena kugwa. Iye anasankha kugwa, poti kugwa kunkabwera kamodzi pamwezi pomwe tulo tinali ta tsiku ndi tsiku. Pamzere wa kiliniki ndamva anthu ambiri akuwerengera chimodzimodzi, ndipo sindiwatcha opusa. Kungoti masamu akewo amasiya kunja chinthu chimene chinatsala pang'ono kutilanda mwana tsiku lija.

Ubongo umayendera timagetsi tochepa kwambiri. Maselo ake amatumizirana uthenga mosinthana, ena akuyatsa ena akuzimitsa. Munthu akamagwa khunyu ndiye kuti gulu la maselo layaka lonse nthawi imodzi, ngati msika wonse utakuwa kamodzin'kamodzi moti palibe akumva mnzake. Zikachitikira kachigawo kamodzi ka ubongo, zooneka zimachepa: dzanja limodzi kugwedezeka, kumva fungo loti kulibe, kutafuna m'kamwa mulibe kanthu, kumangotolatola zovala munthu osadziwa chimene akuchita. Zikafalikira ubongo wonse m'pamene pamabwera kugwa kumene tonse timakudziwa, kukuwa, kuuma gwa, kuphupha, thovu, kudziluma lilime, mwina kudzikodzera. Palinso mtundu wina wokonda ana, wongoti duu maso ali gwa kwa masekondi 10 kenako n'kupitiriza ngati sipanachitike kanthu. Ana otere amakwapulidwa kusukulu ati samvetsera.

Kukomoka kamodzi si khunyu. Mwana wa pakati pa miyezi 6 ndi zaka 5 amene waphupha chifukwa chotentha thupi, mayi woyembekezera amene wakomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, munthu amene shuga wamutsikira, chidakwa chimene chasiya kachasu mwadzidzidzi, onsewa atha kuphupha koma alibe khunyu. Achipatala amati ndi khunyu munthu akagwa kawiri kapena kuposa, pakati patadutsa maola oposa 24, popanda chomuputa cha mtundu umenewu. Bungwe la WHO limati padziko lonse pali anthu pafupifupi 50 miliyoni a matendawa, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 aliwonse ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Limatinso anthu ofika 70 mwa 100 atha kusiyiratu kugwa atalandira mankhwala oyenera, koma m'mayiko ngati lathu lino atatu mwa anayi aliwonse salandira.

Kwathu kuno munthu akagwa, funso loyamba limakhala lakuti wamuchita ndani, apo ayi ati majini. Koma zambiri zimene zimasiya chipsera muubongo ndi zinthu zoti timakhala nazo. Mwana kuchedwa kulira pobadwa mayi atavutika nthawi yaitali. Matenda oumitsa khosi. Kumenyetsa mutu pangozi ya kabaza wa njinga yamoto, wopanda ndi chipewa chomwe. Sitiroko kwa akuluakulu. Matenda olowa muubongo chitetezo cha m'thupi chikatsika ndi HIV. Ndiye pali malungo, omwe m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire muno satha chaka chonse. Ofufuza a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anatsatira ana 132 amene anapulumuka malungo a muubongo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2010: ana 12 anayamba khunyu, pomwe mwa anzawo 264 amene ankawayerekeza nawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Mng'ono wangayo anagonekedwa ndi malungo otere ali ndi zaka 4. Anachira, tinathokoza Mulungu, kugwa kunadzayamba patapita zaka ziwiri, ndipo panalibe mmodzi wa ife amene analumikiza ziwirizi.

Pali chinanso chimene ambiri kuno amachikana asanamve n'komwe, nyongolotsi ya m'mimba yochokera ku nkhumba. Amati ife nkhumba sitidya. Zoona, koma yolowa muubongo sidzera mu nyama. Imadzera m'mazira otuluka ndi chimbudzi cha munthu amene ali ndi nyongolotsiyo, n'kufika m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'masamba osatsuka, m'manja osasamba. Munthu woti nkhumba sanailawepo chibadwire atha kukhala ndi timatuza take muubongo. Ngakhale zili choncho, pafupifupi theka la odwala khunyu chifukwa chake sichipezeka, ndipo mankhwala amawathandizabe.

Tsono mankhwalawo safufuta chipsera. Ntchito yawo ndi kufatsitsa maselo kuti asamayakire pamodzi, ndipo amaigwira pokhapokha ali m'magazi pa mlingo wokwanira usana ndi usiku. Akachepa sagwira, akachuluka amaledzeretsa. Vuto n'lakuti piritsi silidziwa kusankha maselo ovuta okhaokha. Limafatsitsa ndi omwe munthu amawerengera nawo ndalama, omwe amakumbukira nawo dzina la mlendo. Tulo, chizungulire ndi kuiwalaiwala zimachokera pamenepa.

M'zipatala za boma ndi za mishoni mumapezeka kwambiri mitundu inayi. Phenobarbitone ndiye gogo wa onse, anayamba kugwiritsidwa ntchito pa khunyu mu 1912. Ndi wotchipa, amamwedwa kamodzi patsiku pogona, ndipo amaletsadi kugwa. Akuluakulu amawagonetsa ndi kuwachedwetsa maganizo, ena amawakhumudwitsa mumtima popanda chifukwa, abambo ena chilakolako cha m'nyumba chimatsika, ndipo zimenezi sanena kwa namwino, amangosiya kumwa. Kwa ana amachita zosemphana: mwana amene anali wofatsa amasanduka wosakhazikika, wolusa, womenya anzake. Makolo amaganiza kuti matenda akula kapena mwana wayamba misala, pomwe ndi piritsi.

Phenytoin, wa 1938, amadziwikira pankhope. Nkhama zimatupa n'kumakwirira mano, pankhope pamatuluka ziphuphu, atsikana amamera cheya chambiri. Kutsuka mano bwinobwino kawiri patsiku kumachepetsa za nkhamazo. Mankhwalawa ali ndi khalidwe lachilendo: chiwindi chimawagaya mpaka pa mlingo wina, kenako chimakhuta, moti kuwonjezera pang'ono chabe kutha kuchulukitsa kwambiri otsala m'magazi. Munthu amayamba kudzandira, lilime kulemera, maso kuvinavina. Akadutsa pamsika anthu amati waledzera m'mawamawa. Aliyense womwa phenytoin asadziwonjezere piritsi payekha chifukwa wagwa dzulo.

Carbamazepine amabweretsa chizungulire, nseru ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, makamaka poyamba. N'chifukwa chake adokotala amayambitsa pang'ono n'kumakweza pakapita masabata, si kuumira ayi. Amathanso kutsitsa mchere wa m'magazi, makamaka kwa achikulire, munthu n'kumafooka ndi kusokonezeka mutu. Sodium valproate sagonetsa kwambiri, koma amanenepetsa, amanjenjemeretsa manja, tsitsi limathothoka ngakhale kawirikawiri limameranso, ndipo mwa apo ndi apo amavulaza chiwindi, makamaka kwa ana aang'ono kwambiri. Za valproate ndi amayi ndibwererako, chifukwa ndiye nkhani yolemera.

Zambiri mwa zovutazi zimachepa pakatha masabata angapo thupi likazolowera. Zikapanda kuchepa, kanene. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa tsiku la kiliniki mzere umakhala wautali, wolemba mankhwala ndi mmodzi, ndipo funso lake nthawi zambiri ndi limodzi: "Mwagwa kangati mwezi uno?" Mukati simunagwe, amalemba omwewo, wotsatira alowe. Sangalote kuti mwana wasiya kukhoza m'kalasi kapena kuti inu mukugona pa ntchito. Ine ndimaona kuti funso lachiwiri, lakuti mankhwalawa akukutani, likanamafunsidwa mwezi uliwonse, anthu olavula mapiritsi kuseri kwa bafa akanachepa. Poti silifunsidwa, liyankheni lisanafunsidwe.

Koma pali zina zosadikira tsiku la kiliniki. Chachikulu ndi zidzolo. M'miyezi iwiri yoyambirira munthu atayamba carbamazepine, phenytoin kapena phenobarbitone, akatuluka zidzolo pamodzi ndi kutentha thupi, zilonda m'kamwa kapena kumaliseche, maso ofiira, apite kuchipatala tsiku lomwelo asanamwenso piritsi lina. Khungu litha kuchita matuza n'kuyamba kusupuka ngati wapsa ndi madzi owira, ndipo anthu amafa nazo. Amene anaona ma ARV akale aja okhala ndi nevirapine akudziwa zimene ndikunena. Sizichitikachitika, koma zikayamba siziyenda pang'onopang'ono. Chimodzimodzinso maso achikasu, kusanza kosalekeza, kupweteka kwambiri m'mimba, kutuluka magazi m'nkhama kapena mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake, ndiponso maganizo ofuna kudzipha.

Chiwindi chimabweretsanso nkhani ina imene anthu ambiri sauzidwa. Phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine amachichangamutsa, moti chimayamba kugaya mofulumira mankhwala ena aliwonse amene munthu akumwa. Mayi amamwa mapiritsi olera mokhulupirika, kapena anaikitsa kapamkono, Jadelle kapena Implanon, n'kungozindikira ali ndi pakati, kunyumba n'kubuka mlandu. Mankhwala olerawo anali akutha mphamvu nthawi isanakwane. Jakisoni wa Depo ndi lupu sizisokonezedwa motere. Ma ARV nawonso zimawakhudza. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'Malawi muno anasinthiridwa ku ma ARV okhala ndi dolutegravir, ndipo mankhwala atatu ajawa amatsitsa dolutegravir m'magazi. Kachilombo kamapeza mpata, kamachulukana, mwinanso kuyamba kupima mankhwala. Achipatala ali ndi njira, kuwonjezera mlingo wa dolutegravir kapena kusintha a khunyuwo, koma amachita zimenezi akadziwa. Munthu amene amalandira ma ARV khomo ili, a khunyu khomo ilo, aliyense ndi bukhu lake, n'kumabisa uku za uko chifukwa cha manyazi, akudzipweteka yekha. Ngakhale LA wa malungo mphamvu yake imatsika ndi mankhwala omwewa, choncho nenani musanalandire.

Valproate sachangamutsa chiwindi, ndiye amagwirizana bwino ndi ma ARV ndi njira zolera. Tsoka lake lili pa mwana wa m'mimba. Mwa amayi 100 aliwonse, awiri kapena atatu amabereka mwana wolumala chibadwire ngakhale asakumwa kanthu. Mwa omwa valproate chiwerengerocho chimafika pafupifupi 10, ndipo chodziwika kwambiri ndi msana wosatsekeka. Kuwonjezera apo, ana 30 mpaka 40 mwa 100 amachedwa kuyankhula, kuyenda kapena kugwira za kusukulu. Msana wa mwana umatsekeka mwezi woyamba, mayi asanatsimikize n'komwe kuti waima. Ndiye mtsikana kapena mayi aliyense wa msinkhu wobereka amene walemberedwa valproate afunse ngati palibe ena, ndipo ngati palibe, akhale pa njira yolera yodalirika. Wofuna mwana akambirane ndi adokotala miyezi ingapo asanatenge pakati, ayambiretu kumwa vitamini wotchedwa folic acid. Amene wazindikira kuti ali kale ndi pakati asasiye kumwa payekha, athamangire kusikelo n'kukanena, chifukwa kugwa koopsa kutha kupha mayi ndi mwana yemwe. Amayi a khunyu oposa 90 mwa 100 amabereka ana abwinobwino, ndipo ambiri amayamwitsa popanda vuto, kungoyang'anira ngati khanda likugona mopitirira kapena kulephera kuyamwa. Pali mankhwala atsopano ofatsa kwa oyembekezera, monga lamotrigine ndi levetiracetam, amene WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira, woyambayo mu 2017 ndipo wachiwiriyo mu 2023, koma m'zipatala zing'onozing'ono sapezekapezeka, ndipo levetiracetam nayenso ena amawapsetsa mtima msanga.

Chimene masamu a mng'ono wanga anasiya kunja ndi ichi. Ubongo umene wazolowera kufatsitsidwa, mankhwala akachoka mwadzidzidzi subwerera pomwe unali kale, umalumpha kupitirira. Kugwa kumabwera kwamphamvu, kotsatizana, ndipo kukapitirira mphindi 5 kawirikawiri sikusiya kokha. Ubongo umayamba kuwonongeka, munthu atha kufa. Phenobarbitone ndiye woopsa kwambiri pa zimenezi. Asing'anga kapena opemphera amene amauza munthu kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro amamuika pamenepa. Kupemphera pempherani, madzi odalitsidwa imwani, koma piritsi lisadumphe. Kusiya mankhwala n'kotheka ndithu kwa amene watha zaka ziwiri kapena kuposa osagwa, koma amatsitsa ndi adokotala pang'onopang'ono kwa miyezi, ndipo ena kugwa kumabwerera.

Si onse amasiya mwadala. Tsiku lina tinayenda ulendo wautali, kufika pawindo n'kuuzidwa kuti atha, mukagule. Ndalama inali yathiransipoti yobwerera basi. Ndinaganiza za munthu wochokera ku Makanjira, makilomita pafupifupi 100 kufika pa boma la Mangochi, nyengo yamvula msewu utaduka. Kuyambira pamenepo timapita kukatenga ena akadalipo a sabata yathunthu m'botolo, ndipo tinaloweza dzina ndi mlingo, osati mtundu wa piritsi, chifukwa loyera la mwezi uno litha kudzabwera lachikasu mwezi wamawa. Anyamata opita ku Joni aziganizira zomwezi: bukhu la kuchipatala m'thumba, mankhwala okwanira ulendo ndi masabata oyamba. Mukaiwala kumwa, imwani pomwe mwakumbukira, koma ngati nthawi ya lotsatira yayandikira musaphatikize awiri.

Ngakhale womwa bwino, pali zinthu zimene zimaputa kugwa, ndipo ziwiri zikuluzikulu ndi kusagona ndi mowa. Kusagona ndiye moyo wa kunyanja. Alovi a chilimira amachezera usiku wonse ndi nyali, kubwera m'mawa, kugona maola atatu pamchenga. Kwa munthu wa khunyu ntchito imeneyi ili ndi misampha iwiri, tulo toperewera ndi madzi akuya. Wogwera m'madzi sakuwa, sakupiza manja, amangomira, ngakhale pamadzi ofika m'mawondo pomwe amayi amatsukira mbale. Luso losambira silithandiza kanthu pamenepo. Kusamba kunyanja, ku Malombe kapena mu Shire kukhale kwa pamodzi ndi munthu wodziwa za matendawa ndiponso wamphamvu zomuvuula. Mwezi wa Ramadhan nawo umasintha nthawi yogona ndi yodya. Womwa kamodzi usiku savutika kwenikweni. Womwa kawiri atha kugwirizana ndi adokotala, mwezi usanayambe, kuti azimwa pa chakudya cha m'bandakucha ndi pomasula madzulo. Amene kugwa sikunakhazikike afunsenso ashehe, poti chipembedzo chimalola wodwala kusamanga.

Moto ndi mnzake wa madzi. Mukapita ku wodi ya opsa mukapeza ena mwa iwo ndi a khunyu, ogwera pamafuwa akuphika kapena akuwamba nsomba. Chimene chimakulitsa mabala si motowo wokha. Ndi anthu amene anaima patali kuopa thovu, kapena mpweya umene wogwayo angatulutse, ati ukaupuma nawenso uyamba kugwa. Khunyu sapatsirana, kaya ndi malovu, mkodzo, mpweya, kudyera mbale imodzi kapena kugona mphasa imodzi. Ine thovu la mng'ono wanga ndalipukuta ndi manja kosawerengeka. Munthu akagwa mukokereni kutali ndi moto, madzi kapena msewu, ikani chitenje kunsi kwa mutu, masulani kolala, ndipo kuphupha kukatha mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke. Musamupanikize. Musamuike supuni, kamtengo kapena chala m'kamwa, lilime silimezeka, mungomuthyola mano. Musamumwetse madzi kapena mankhwala asanatsirimuke bwinobwino. Yang'anani nthawi pafoni. Zikapitirira mphindi 5, akagwanso asanadzuke, akavulala, akagwera m'madzi, ngati ndi woyembekezera kapena ndi koyamba, kuchipatala. Akadzuka amakhala wosokonezeka ndi wamanyazi, ndiye balalitsani gulu.

M'zipatala zathu zambiri a khunyu amaonedwa ndi anamwino a matenda a maganizo, tsiku limodzi, benchi imodzi, ndipo izi zimalimbitsa mphekesera yoti khunyu ndi misala. Si misala. Koma n'zoona kuti kukhumudwa kumawagwira kwambiri anthu a khunyu, mwina chifukwa cha ubongo womwewo, mwina mapiritsi, mwina chifukwa chotulutsidwa sukulu, kubwezedwa ku ukwati, kupatsidwa kambale kakekake. Namwino yemweyo ndiye woyenera kumuuza.

Titabwerera ku kiliniki pambuyo pa tsiku la pathandala lija, amayi ndi amene anayamba kulankhula. Anati, "Adokotala, mwanayu mankhwala anasiya, koma musamukalipire, timve kaye." Adokotala anatseka bukhu n'kumufunsa kuti afotokoze momwe amagwera. Anafotokoza za fungo ngati la tayala lopsa limene limabwera kaye, za dzanja lamanzere limene limayamba lokha. Kwa zaka zonsezo panalibe amene anamufunsapo zimenezi. Anamuyambitsa carbamazepine pang'onopang'ono, natichenjeza za zidzolo. Masabata awiri oyamba ankayenda chogwira khoma, akuti mitengo ya migwalangwa akuiona iwiriiwiri. Kenako zinatha.

Pano ali ndi kope la masamu limene amalembamo tsiku lililonse limene wagwa, maola amene anagona usiku wake, ndi chilichonse chachilendo m'thupi. Masamba ambiri ndi oyera. Amasoka maukonde pagombe, ndipo eni zilimira amachita kumulimbirana chifukwa mfundo zake sizimasuka. Amafunabe kulowa m'bwato usiku ngati anzake, akuti ndalama zili kumeneko. Amayi akuti ayi, ine ndikuti dikira zaka ziwiri zikwane tikafunse. Iye akuti tikumuyesa mwana. Za bwatozo tikukanganabe.